Dzino Likasiya Kupweteka, Musathamangire Kunena Kuti Lachira

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Inu muli pakhonde kudikira nsima, inu muli m'minibasi kubwerera kunyumba, ndi inu agogo amene wailesi mwaikhazika pamtondo, takulandirani ku pulogalamu yathu ya zaumoyo. Lero tilowa m'kamwa. Ngati pali kagalasi pafupi, kaja kometera ndevu kapena kodzolera, katengeni. Foni ya tochi nayonso ikhale pambali, chifukwa tizigwiritsa ntchito pulogalamu isanathe.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Zaka zingapo zapitazo dzino langa lotafunira, lam'munsi chakumanzere, linayamba kuyayamira ndikamwa madzi a mumtsuko, ngati mmene mano amachitira ukadya mango osapsa. Kamphindi kochepa, kwatha. Ndinkangoti ndi chisanu cha mwezi wa June. Patapita miyezi linayamba kupwetekanso ndi tiyi wotentha, ndipo ululu wake sunkachoka msanga. Kapu yatha kalekale, ine ndikadali chigwirire tsaya. Kenako linasamukira usiku. Ndikangoika mutu papilo, m'nsagwada muli gu, gu, gu, ngati kumudzi kwagwa chinamwali. Ndinameza Panado, ndinachukucha madzi amchere, ndinayendayenda pabalaza mpaka atambala kulira. Sabata ziwiri zathunthu.

Tsiku lina ndikudzuka, zii. Ndinauza mayi a kunyumba kuti, "Mayi a ana, lija lachira." Iwo anangondiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Bambo, dzino lobowoka linayamba lachirapo lokha kuti?" Sindinawamvere. Patatha mwezi ndi theka tsaya linatupa ngati ndavumata mbatata yamoto, diso n'kuyamba kutsinzina lokha. Kuchipatala adokotala a mano anangogogoda dzinolo ndi chogwirira cha kagalasi kawo, ine n'kudumpha pampando. Anandiuza kuti tsiku limene ndinkasangalala lija ndi tsiku limene mtsempha wa dzino unafa. Dzinolo linazulidwa. Ndikanapita nthawi ya madzi a mumtsuko ija, akanangolimata.

Kuti timvetse zimene zinandichitikira, tilione dzino mmene linapangidwira. Kunja kuli chikutu choyera, cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi mwathu, ndipo chilibe mtsempha. N'chifukwa chake chikayamba kudyeka simumva kanthu. Pansi pa chikutucho pali gawo lachikasu, lofewerapo, lokhala ndi timibowo ting'onoting'ono tolunjika m'kati. Pakati penipeni pali kachipinda momwe muli mtsempha ndi timitsempha ta magazi, ndipo timeneti timatsika ndi mizu mpaka m'fupa la nsagwada.

Kale ankati m'dzino lobowoka mumakhala nyongolotsi, ndipo mpaka lero alipo ofukiza utsi kuti aitulutse. Mulibe nyongolotsi. Chimene chilipo ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, tomwe timakhala m'litsiro lomata pamano. Tikadya shuga nato timadya, kenako n'kutulutsa asidi amene amasungunula chikutu chija. Malovu amayesetsa kukonza pamene padyekapo, koma amafuna nthawi. Munthu womwa tiyi wa masupuni anayi a shuga m'mawa, switi panjira, Sobo masana, bisiketi madzulo, malovu ake sapeza mpata. Mano amaonongeka kwambiri ndi kudya shuga pafupipafupi kuposa kudya wambiri kamodzi pa nthawi ya chakudya.

Alimi mundimvetsa msanga. Nankafumbwe akalowa m'njere ya chimanga, kunja mumangoona kabowo ngati ka singano. Mukaifinya, yonse ndi ufa. Dzino limawola chomwecho. Kadontho kakuda kamene mukuona pamwambapo kakhoza kukhala khomo la phanga.

Chizindikiro choyamba sichipweteka n'komwe. Ndi kamalo koyera ngati choko, kosawala, kawirikawiri m'mphepete mwa nkhama. Apa dzino likhoza kubwerera mwakale mukachepetsa shuga n'kumatsuka kawiri patsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fuloraidi, n'kungolavula thovu osachukucha ndi madzi. Likayamba kuyayamira ndi zozizira kapena zotsekemera, ululu n'kutha pomwepo mukachotsa chinthucho, ndiye kuti bowo lafika pagawo lachikasu lija. Apa n'pomata. Koma ululu ukamakhalitsa mphindi zambiri, ukamabwera wokha popanda kudya kanthu, ukamakudzutsani usiku, mtsempha watupa m'kachipinda kopanda potulukira. Kumata kokha sikuthandizanso. Pamene zipangizo zilipo amachotsa mtsemphawo, kutsuka mizu n'kutseka, koma kwa ambiri a ife zimathera pa kuzula. Ndiye pali zii uja. Mtsempha wafa, tizilombo tatsikira kumizu, mafinya akusonkhana m'fupa. Dzino limamveka ngati latalika kuposa anzake, ndipo mukaluma limalasa. Ena amaona kachithupsa pankhama pafupi ndi dzinolo, kamaphulika, kutuluka timadzi towawa mchere, n'kubweranso. Kachithupsa kameneko ndi ngalande ya mafinya ochokera kumizu, ndipo sikadzatha dzinolo lisanathandizidwe.

Pano ndidandaule pang'ono. Makapisozi ogula pagolosale, awiri lero, awiri mawa, sapha matenda a m'dzino lakufa, chifukwa m'kati mwake simufikanso magazi oti atengere mankhwalawo. Amangophwetsa chotupa kwa masiku ochepa, ndipo tizilombo timazolowera mankhwala. Asipirini womuika pankhama amawotcha mnofu n'kusiya chilonda choyera. Za madzi a batire ndi mafuta a mabuleki, zimene ena amadontheza m'bowo, musayerekeze n'komwe.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya zaumoyo, ndipo lero tikukamba za kuzindikira matenda a m'kamwa asanafike poipa. Tsopano tipite kunkhama, zimene ena amati usinini.

Ndikufunseni. Mutasamba m'manja n'kuona madzi afiira ndi magazi, mungangopukuta n'kumapita? Koma tikalavula thovu lofiira potsuka mano timangoti, "Ndi chiseyeye changa ichi," ngati ndi chibadwa. Ena amasiyiratu kutsuka pamalopo kuopa magazi, ndipo potero amakulitsa vuto. Nkhama zabwino sizikha magazi. Zimakhala zolimba, zogwira dzino mothina. Mtundu wake usakuvutitseni: ambiri a ife nkhama zathu n'zakuda kapena zamawangamawanga chibadwire, ndipo si matenda. Choyang'ana ndi kutupa, kufiira kwa m'mphepete, kunyezimira, ndi magazi potsuka kapena poluma chimanga chootcha.

Palani dzino ndi chikhadabo pafupi ndi nkhama. Zoyera zonga phala zimene zatsalira kuchikhadabozo si nsima yadzulo ayi, ndi mudzi wa tizilombo. Zikakhala masiku osachotsedwa zimauma ndi mchere wa m'malovu n'kusanduka mwala wachikasu kapena wakuda, makamaka kuseri kwa mano akutsogolo am'munsi. Mwala umenewu mswachi suuchotsa, amaupala kuchipatala. Matenda akadali pankhama pokha amatha: tsukani bwino m'mphepete mwa nkhama ndi mswachi wofewa ngakhale magazi akutuluka, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri muona kusintha.

Akalekereredwa amatsikira pansi. Nkhama imalekana ndi dzino n'kupanga kathumba, ndipo fupa logwira mizu limayamba kusungunuka. Ganizirani mzati wa nkhokwe umene chiswe chadya pansi panthaka. Pamwamba uli bwinobwino, ukaugwira ukugwedera. Mano amaoneka ngati atalika, pakati pawo pamatseguka mipata imene kale panalibe, nyama imakodwa paliponse, m'kamwa mumanunkha ngakhale mwatsuka. Dzino lopanda bowo ngakhale limodzi limagwedera mpaka kugweluka. Zonsezi zimatenga zaka, ndipo nthawi zambiri sizipweteka. Timati ndi ukalamba, koma ukalamba pawokha sugwetsa mano. Fupa limene lasungunuka silimeranso lokha, komabe matendawo akhoza kuimitsidwa pomwe afika. Kuchipatala amalowetsa kachitsulo kosasongoka, kolembedwa mizere, pakati pa dzino ndi nkhama. Kakalowa mamilimita 3 kapena kuchepera, zili bwino. Kakamira mamilimita 4, 5, 6, kathumba kaja kalipo.

Amayi oyembekezera, nkhama zanu zimatupa msanga chifukwa cha kusintha kwa m'thupi. Musasiye kutsuka, ndipo kuonetsa mano muli ndi pakati n'kololedwa, mungowauza a chipatala miyezi imene muli nayo. Osuta fodya nkhani yawo ndi yonyenga: fodya amafinya timitsempha ta magazi, choncho nkhama sizikha magazi kwenikweni pomwe fupa likutha mofulumira kuposa la wosasuta. Ndipo ngati muli ndi zaka 40 kapena 50, mano angapo ayamba kugwedera nthawi imodzi, zithupsa za pankhama zikubwerezabwereza, m'kamwa mukuuma, ludzu silikutha, usiku mukudzuka kangapo kukataya madzi, kayezetseni shuga. Matenda a shuga ndi matenda a nkhama amakulitsana, ndipo alipo amene shuga wawo amatulukira koyamba pampando wa dokotala wa mano. Chiseyeye chobwera chifukwa chosowa vitamini C chiliko ndithu, makamaka pa nthawi ya njala, ndipo magwafa, malambe ndi malalanje amachiteteza. Koma kwa munthu amene amadya ndiwo zamasamba ndi zipatso, magazi a m'nkhama kawirikawiri ndi nkhani ya litsiro lija.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Makolo, yandikirani kuwailesi. Mwana amayamba kumera mano ali ndi miyezi pafupifupi 6, ndipo pofika zaka 3 amakhala ali ndi onse 20. Pomera amachucha dovu, amaluma chilichonse, amavuta kugona. Koma kumera mano sikutsegula m'mimba kwa masiku atatu, sikutenthetsa thupi ngati moto. Mwana wa msinkhu umenewu amakhala akukwawa n'kumatola zapansi kuika m'kamwa, ndiponso udzudzu sumusiya. Agogo akati ndi mano, alemekezeni, koma mwanayo mupite naye akayezedwe malungo.

Pali dzino limodzi limene makolo ambiri timaliphonya. Mwana akafika zaka 6, kumbuyo kwenikweni kwa mano oyamba kumamera dzino lalikulu lotafunira, mbali zonse zinayi, popanda lina kugweluka. Poti palibe lagwa, timaliyesa la ubwana. Likabowoka timati lisiyeni, limera lina. Silimeranso. Limenelo ndi limodzi mwa mano 32 a munthu wamkulu, ndipo ndi loti adzatafunire nalo mpaka imvi.

Mano ofiirira kapena a mawanga oyera, amene ana a mudzi umodzi onse ali nawo, ndi nkhani ina. M'madera ena, monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe ndi mbali zina za Nsanje ndi Chikwawa, madzi a m'mijigo ina ali ndi fuloraidi wambiri kuposa mamiligalamu 1.5 pa lita, mlingo umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza. Fuloraidi wochepa amalimbitsa mano, koma akachuluka pa zaka zimene mano akuumbika m'nsagwada, amasiya mtundu umenewu m'kati mwa chikutu. Si uve, ndipo si chifukwa chomusekera mwana kusukulu. Kukwecha ndi mchenga, phulusa kapena makala sikuuchotsa, kumangoperepesa dzino.

Matenda awiri a ana ndiwatchule mwapadera chifukwa amathamanga. Oyamba ndi chotupa cha nsagwada chimene chimakula m'sabata zochepa, mano n'kuyamba kugwedera kapena kusuntha, nthawi zina diso n'kutong'oka, kawirikawiri mwana osamva ululu waukulu. Dokotala Denis Burkitt anachifotokoza mu 1958 akugwira ntchito ku Kampala m'dziko la Uganda, ndipo chimadziwika ndi dzina lake. Ndi khansa, imapezeka kwambiri m'madera a malungo ochuluka ngati kuno kwathu, ndipo ili m'gulu la khansa za ana zimene zimamva mankhwala zikapezeka msanga. Zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimathandiza ana otere. Kutema mphini patsaya kapena kuzula mano ogwederawo n'kutaya masabata amene mwanayo alibe. Achiwiri ndi noma, amene amagwira ana a zaka 2 mpaka 6 onyentchera, makamaka akangodwala chikuku. Amayamba ngati chilonda cha pankhama chonunkha kwambiri, tsaya n'kutupa, ndipo m'masiku ochepa pamaoneka banga lakuda limene limabowola tsaya. Akagwidwa akadali pankhama, mankhwala, kutsuka m'kamwa ndi chakudya chabwino zimawaimitsa. Mu December 2023 WHO inawaika pamndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'mayiko otentha.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Kagalasi kaja katengeni tsopano. Sambani m'manja, yatsani tochi. Amene muli pachiwongolero, inu mudzachite mukafika.

Kokerani mlomo wam'munsi pansi, wam'mwamba m'mwamba. Kokani tsaya ndi chala muone m'kati mwake, uku ndi uku. Tulutsani lilime, lipotozereni kumanzere, kumanja, muone m'mbali mwake mpaka kumbuyo. Likwezeni muone pansi pake. Pendeketsani mutu chagada muone kumwamba kwa m'kamwa. Pomaliza papasani pansi pa chibwano ndi m'khosi ngati muli mwanabere wolimba.

Mukapeza kachilonda kozungulira, koyera pakati, kofiira m'mphepete, kolasa mukadya mchere kapena tsabola, musade nkhawa. Timeneti timatha tokha pasanathe sabata ziwiri. Mukapeza zoyera ngati chambiko palilime kapena m'masaya, zoti mukapukuta ndi kansalu zikuchoka n'kusiya pofiira, ndi mafangasi. Kwa khanda si zachilendo. Kwa munthu wamkulu zimafuna kufunsa chifukwa chake: mwina wamwa makapisozi nthawi yaitali, mwina ndi shuga, mwina amagona ndi mano oikirira, mwina chitetezo cha m'thupi chatsika. Mizere yoyera m'mbali mwa lilime yosachoka popukuta, ndi mawanga ofiirira moderako kumwamba kwa m'kamwa kapena pankhama amene madokotala amati Kaposi, nazonso zimayenda ndi kutsika kwa chitetezo. Sindikunena kuti aliyense wa zoyera m'kamwa ali ndi HIV, ndipo musaloze mnzanu chala. Ndikunena kuti kuyezetsa n'kwaulere m'zipatala za boma, ndipo munthu akayamba ma ARV zambiri mwa zimenezi zimazimiririka.

Chimene ndikufuna chikhale m'mutu mwanu ndi nambala iyi: sabata zitatu. Chilonda chilichonse cha m'kamwa, banga loyera kapena lofiira, kapena chotupa, chikadutsa sabata zitatu osapola, chikaonedwe kuchipatala. Makamaka chikakhala m'mbali mwa lilime kapena pansi pake, cholimba m'mphepete mukachigwira. Khansa ya m'kamwa poyamba sipweteka, ndipo kachilonda kolasa kwambiri kaja nthawi zambiri ndiko kosaopsa. Osuta chingambwe, ovumata ngirimbo kapena fodya wina aliyense, okonda kachasu, makamaka ophatikiza fodya ndi mowa, muziyang'ana pamalo pamene fodyayo amakhala. Khansa satsimikiza ndi maso. Amadula kanyama kakang'ono n'kukakaunika ku labotale, ndipo kudula kumeneko sikufalitsa matenda monga ena amaopera.

Mukafika kwa dokotala wa mano, theka la ntchito ndi zimene inu munene. Linayamba liti? Limapweteka ndi chozizira, chotentha, kapena poluma? Ululu umatha msanga kapena umakhalitsa? Umakudzutsani usiku? Mwamwa mankhwala anji, ndipo muli ndi matenda ena monga shuga, BP kapena a mtima? Iye ayang'ana ndi kagalasi, agogoda dzino lililonse, mwina aika kathonje kozizira kuti amve ngati mtsempha uli moyo, ndipo pamene makina alipo ajambula X-ray kuti aone pakati pa mano ndi kumizu. Musakwiye akagogoda dzino lina osati limene mwaloza. Ululu wa mano umasocheretsa: lam'munsi likhoza kumveka kukhutu kapena m'mwamba. Chimfine chotseka mphuno chimapweteketsa mano am'mwamba angapo nthawi imodzi, makamaka mukawerama, pomwe manowo alibe vuto. Achinyamata a zaka 17 mpaka 25 amene nkhama yatupa kumbuyo kwenikweni, kukamwa osatseguka bwino, kawirikawiri ndi dzino lomaliza limene likusowa malo omerera. Ndipo kwa wamkulu, ululu wa nsagwada wobwera pokwera chitunda, limodzi ndi kuthina pachifuwa ndi thukuta, ukhoza kukhala wa mtima.

Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa, zimenezo tonse tikuzidziwa. Maphunziro a udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Kale onse ankakaphunzira kunja. Ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma imagwiridwa ndi amene anaphunzira za mano ku Malawi College of Health Sciences, ndipo mzere wake umatalika. Wofika ndi kabowo kakang'ono ali ndi mwayi wobwerera ndi dzino lake, pomwe wofika ndi tsaya ngati langa lija amangomva zoti lizulidwe.

Koma pali nthawi imene simuyenera kudikira mzere kapena kucha kwa kunja. Chotupa cha dzino chikatsikira pansi pa chibwano n'kulimba ngati thabwa, lilime likamakwera m'mwamba, munthu akamalephera kumeza malovu, mawu akasintha, akamabanika popuma, kapena chotupa chikatseka diso thupi likutentha, mafinya aja akulowera kunjira ya mpweya kapena kumutu. Anthu amafa nazo zimenezi. Pezani kabaza, njinga yamoto kapena galimoto ya mnansi usiku womwewo.

Nthawi yathu yatha. Musanagone, itanani ana mmodzimmodzi, muwaunike m'kamwa ndi tochi ija, ndipo wa zaka 6 uja mumuyang'ane kumbuyo kwenikweni. Inunso amene dzino linasiya lokha kupweteka mwezi wathawu, mawa m'mawa tengani buku lanu la kuchipatala mupite.

(NYIMBO YOTSEKERA)